Moto ukadutsa ku Nyika, timadziwa bwanji ngati malo a makolo apsa kapena apulumuka?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Rumphi. Mu Okutobala tinapita ndi ana ku Nyika, tinapeza mapiri ambiri ali bii moto utangodutsa kumene. Mwana wina anandifunsa ngati zojambula za kuphanga la Fingira ndi ng'anjo zakale zija sizipsa nawo, ine ndinasowa chomuyankha. Kodi moto umawonongadi malo oterewa? Nanga akatswiri mumayeza bwanji kuti awonongeka motani?

Yankho: Zikomo aphunzitsi, mwanayo mumuuze kuti wafunsa zomwe ife ofukula zakale timalimbana nazo chilimwe chilichonse. Eya moto umawononga, kungoti maso amanamiza pa nkhani imeneyi. Phiri lonse litha kuda kuchokera kumunsi mpaka pamwamba inu nkumati basi zonse zapita, chonsecho zam'nthaka zili bwinobwino, pomwe penapake pamene panangogwa chikuni chimodzi nkumanyeka masiku awiri pawonongeka zinthu zomwe zinakhala zaka masauzande. Nde ife tikamayendera malo moto utadutsa timasaka pomwe moto unakhalitsa, ndipo timathamanga kuti tikafike mvula isanagwe. Zonse zomwe ndilembe apa zikuzungulira pa ziwiri zimenezi.

Tiyambe ndi udzu poti ndi umene munauona utapsa. Pamwamba pa Nyika paja, mamita oposa 2,000, mbali yaikulu ndi udzu wokhawokha, umauma ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi kenako dzuwa la Seputembala nkudzamalizitsa, ndiye ukangogwira moto umathamanga ndi mphepo moti pamalo amodzi malawi sachedwa, mphindi imodzi kapena ziwiri adutsa. Dothi nalo silitenthedwa msanga. Aliyense amene anakumbapo mbewa pa lupsa akudziwa, pamwamba phulusa likadali lofunda koma ukangotema khasu kawiri katatu dothi lake lozizira, mbewa zili phee mu una zamoyo. Zakale zokwiririka nazo nchimodzimodzi, zikakhala masentimita 10 kapena kuposa pansi moto wa udzu suzipeza. Komanso Nyika sinayambe chaka chino kupsa, phale lomwe mungalione pamtunda lero lawaukapo kambirimbiri ndipo likadalipo.

Vuto lili pomwe pali nkhuni. M'mphepete mwa tinkhalango ta m'zigwa tija, m'matsitso a phiri momwe muli mitengo yambiri, kufupi ndi paini wa ku Chelinda, komanso pakhomo pa mapanga pomwe tchire limakonda kuwirira chifukwa pamakhala chinyontho. Chitsa chikagwira moto chimanyeka chamkati kutsata mizu mpaka pansi, masiku angapo utsi ukungofuka pang'onopang'ono, pamapeto pake pamatsala dzenje ndi timauna momwe munali mizu. Kwa ife zimenezi zimawawa kwambiri, chifukwa ntchito yathu yonse imadalira kuti dothi linasanjikizana mwadongosolo, zapansi ndi zakale zapamwamba ndi zatsopano. Dzenje lija likagumukira mkati mkanda wa zaka 200 umakapezeka pamodzi ndi kamwala kosema ka zaka 5,000, ndipo makala a chaka chino amatsikira pansi kukasakanikirana ndi makala a pamoto wa anthu akalewo. Wina akadzafukula patapita zaka 30 osadziwa kuti panapsa chitsa, adzatumiza makala amenewo ku labu kuti ayeze zaka ndi carbon 14, zotsatira zake zidzamusocheretsa iye ndi aliyense wowerenga lipoti lake. Nchifukwa chake dzenje lililonse la chitsa timalilemba pa mapu a malowo ngakhale lioneke lopanda pake.

Phulusa ndi mboni yathu yoyamba. Pomwe pali bii ndipo zitsinde za udzu zikuonekabe, moto unangonyambita. Pomwe pali phulusa loyera ngati ufa wawoyera, makamaka likakhala mzere wautali wotsata mmene munagonera mtengo, pamenepo panatentha zedi, ndipo ukalipalasa pang'ono nthawi zina umapeza dothi lafiira ngati njerwa. Pamalo potero ndipomwe timagwada nkuyamba kuyang'ana chinthu chimodzichimodzi.

Tsopano zojambula, zomwe mwana wanu amadera nkhawa. Thanthwe likatenthedwa mwadzidzidzi kunja kwake kumafutukuka pomwe mkati mukadali mozizira, ndiye kachikopa ka pamwamba kamang'aluka nkusendeka ngati khungu la anyezi. Amayi ophika pa mafuwa amaziona izi, fuwa limathetheka lokha. Miyala yathu yambiri ya m'mapiri ili ndi kamwala koyera kaja kotchedwa quartz, ndipo kameneka kakafika madigiri 573 kamasintha mpangidwe nkukula pang'ono, zomwe zimawonjezera ming'alu. Utoto wa akalewo uli pa kachikopa komweko, kochepa kuposa chikhadabo nthawi zina, ndiye kakagwa chojambula chapita ndipo palibe amene angachibwezere. Choipa china kusendekaku sikuthera tsiku la moto ayi, mwala umatha kuoneka wabwino lero, mkati utalekana kale, nkudzagwa patapita miyezi mvula ndi chisanu zitalowa m'ming'alu. Ife timagogoda pang'onopang'ono ndi chala pambali, osati pa chojambula penipeni, ukamva kulira kwa mphako wadziwa kuti palekana. Timayang'ananso pansi pa khoma kufuna tizibenthu tatsopano, timadziwika chifukwa mbali imodzi ndi toyera tosadetsedwa, ndipo kalikonse timakatembenuza kuona ngati kali ndi utoto tisanakasunge m'kathumba kolemba nambala.

Palinso mwaye. Utsi ukalowa m'phanga umamata khoma, ndipo apa ndichonderere aliyense wowerenga, musapukute, musathire madzi, musakhudze ndi dzanja. Anthu ambiri amathira madzi kuti chithunzi cha pafoni chioneke bwino, madziwo amakoka mchere wa mumwala nkuphimba utoto, pena nkusungunula utoto weniweniwo. Zojambula zoyera ngati zambiri za ku Chongoni ku Dedza, zomwe zinapakidwa ndi dothi loyera, ndiye sizichedwa nkomwe kufufutika. Utoto nawo umasintha ndi moto, dothi lachikasu likatenthedwa cha m'ma 250 mpaka 300 madigiri limasanduka lofiira, moti popanda chithunzi chakale munthu atha kulemba kuti chojambula nchofiira pomwe wojambulayo anapaka chachikasu.

Fingira ndimaidera nkhawa pa chifukwa chinanso. Phanga limeneli linafukulidwa m'ma 1960 ndi Beatrice Sandelowsky ndi Keith Robinson, anapezamo zida za miyala ndi mafupa a anthu, ndipo mu 2017 kunatuluka zotsatira za DNA ya mafupa a kumeneko, ena a zaka pafupifupi 6,100 ena pafupifupi 2,500, anthu osaka nyama ndi kutola zam'tchire omwe anakhala kuno alimi asanafike. Ndi malo ochepa kwambiri mu Africa muno omwe DNA yakale chonchi inasungika, ndipo kuzizira kwa mapiri akumpoto kunathandiza. Fupa ndi chinthu chosalimba ku moto, limayamba kuderako, kenako kuda bii, moto ukapitirira madigiri 600 limayera ngati choko nkumanyenyeka m'manja, koma DNA imakhala itawonongeka kalekale fupalo lisanafike poyera. Dothi la m'mapanga limakhala louma, lofewa, losakanikirana ndi masamba ndi ndowe za mbira, ndipo zimenezi zikagwira moto zimanyeka mwakachetechete ngati mulu wa gaga. Ndiye pa phanga ngati limeneli funso langa loyamba limakhala loti kodi moto unalowa pansi pa denga kapena unathera pakhomo.

Ng'anjo zosungunulira chitsulo, zomwe ku Nyika zilipo ndipo anthu amazilumikiza ndi mtundu wa Aphoka, zili ndi nkhani ina. Munthu angati chinthu chomwe ntchito yake inali moto woposa madigiri 1,000 chingaope bwanji moto wa udzu, ndipo zoona, zotsalira za chitsulo zolimba ngati miyala zija ndi timapaipi tadothi tolowetsera mphepo sizisintha. Koma khoma la ng'anjo linapsa bwino mkati mokha, kunja ndi dothi lomwe laima zaka zambiri litagwiridwa ndi mizu ya udzu ndi zitsamba. Ndinaonapo ng'anjo ina yomwe mkati mwake munamera mtengo, mtengowo unauma, moto utabwera ng'anjoyo inakhala ngati chumuni, mtengo unanyeka mpaka ku mizu khoma nkung'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Tsiku lomwe tinafika inali itaimabe. Titabwerera mvula itagwa tinapeza mbali imodzi ili pansi. Mpaka pano zimandipweteka chifukwa panangofunika munthu mmodzi ndi sowo yapamanja mwezi wa Meyi.

Mapale ndiye sindichedwapo, mbiya inapsa kale pouumba, moto wa tchire umangoidetsa kapena kuthethetsa pamwamba pomwe pali zokongoletsa. Chomwe chimatayika nchosaoneka, zotsalira za chakudya zomatirira mkati, komanso njira ina yoyezera zaka yomwe imawerenga kuti dothilo linatenthedwa liti komaliza, phale likapsanso kwambiri kuwerengako kumayambiranso pa ziro.

Njira zambiri zomwe timagwiritsa ntchito zinakulira ku America, komwe moto unawaphunzitsa mowawa. Ku malo otetezedwa a Bandelier m'mapiri a Jemez ku New Mexico, pa moto wa La Mesa mu 1977, ofukula zakale anayamba kuyenda limodzi ndi ozimitsa moto kuti mathalakitala olambula njira asadutse pa mabwinja, chifukwa anaona kuti chitsulo cha thalakitala chimatha kuwononga kuposa malawi. Ku Mesa Verde National Park ku Colorado, komwe kuli malo akale pafupifupi 5,000 kuphatikizapo nyumba zomangidwa m'mapanga, moto unatentha gawo loposa theka la paki pakati pa 1996 ndi 2003. Moto wa 1996 unasenda zozokota za pa thanthwe la Battleship Rock ndendende mmene ndafotokozera muja. Komanso moto womwewo unavundukula malo mazanamazana omwe sankadziwika chifukwa anali obisika m'tchire. Ndipo ku Bandelier konkuja, moto wa Las Conchas utadutsa mu 2011, patangopita milungu yochepa madzi osefukira anatsika m'chigwa cha Frijoles Canyon atanyamula miyala ndi zikuni. Mitengo yawo ndi yosiyana ndi yathu, kwawo kuli nkhuni zambiri kuposa pamwamba pa Nyika, koma dongosolo la kayendedwe ndi lomwelo.

Timayamba tili pa kompyuta. Masatelayiti a NASA amaonetsa pomwe pakuyaka tsiku lomwelo kudzera pa tsamba la pa intaneti lotchedwa FIRMS, ndipo zithunzi za masatelayiti a Sentinel-2 zomwe zimajambulidwa pafupifupi masiku 5 aliwonse, kapena za Landsat, ndi zaulere. Timatenga chithunzi cha moto usanadutse ndi china utadutsa nkuyerekeza, pamatuluka mapu oonetsa popsa pang'ono, pakatikati ndi popsa kwambiri, kenako pamwamba pake timasanjika mapu a malo akale odziwika. Paki yoposa masikweya kilomita 3,000 simungaiyende yonse wapansi, ndiye mapuwa amatiuza koyambira. Koma kadontho kamodzi ka pa chithunzi cha Landsat ndi mamita 30 mbali zonse, chikuni chomwe chapha ng'anjo sichioneka mmenemo, ndipo satelayiti siona pansi pa denga la phanga. Ine mapu amenewa ndimawakhulupirira posankha njira basi, chigamulo chimachitikira pamalopo.

Tikafika timayenda mondanda, motalikirana mamita angapo, wina GPS wina kamera wina fomu. Pa malo aliwonse timalemba kuti panali zomera zanji, phulusa lake ndi lotani, gawo lalikulu bwanji lapsa, pali maenje a zitsa angati, miyala yasendeka kapena yangoda, mtengo wopsa womwe ungagwere khoma ulipo, malowo ndi otsetsereka motani ndipo madzi akabwera adzadzera kuti. Chithunzi chilichonse chikhale ndi rula ndi kakhadi ka mitundu pambali, ndipo tijambule titaima pomwe anaima wojambula wakale. Apa mpomwe pagona vuto lalikulu la ntchitoyi. Ngati palibe chithunzi kapena cholembedwa cha moto usanadutse, ndiima patsogolo pa khoma lothetheka osatha kunena ngati lathetheka sabata yatha kapena mu nthawi ya atsamunda. Kamphepete koyera ndi tizibenthu tapansi zimathandiza, koma zikangonyowa kamodzi umboniwo wafufutika.

Mpake kuti makolo anaipatsa dzina mvula yoyamba ija, chizimalupsa, ena amati kokalupsa, imene imakoka phulusa. Kwa mlimi ndi uthenga wabwino, kwa ife ndi belu lotsekera. Nthaka yopanda chofunda, ndipo pomwe panatentha kwambiri dothi limakana kumwa madzi, madontho amangoyenderera pamwamba ngati pa pulasitiki, ndiye madzi amasonkhana nkutsika ndi mphamvu. Timiyala tosema tating'ono ngati chikhadabo, mikanda ya zigoba za nkhono, mapale, zonse zimakokoloka kupita kumunsi, ndipo chinthu chakale chikachoka pamalo pake chataya theka la nkhani yake. Pa zomwe ndaona ine, mvula ya pambuyo pa moto imawononga malo ambiri kuposa moto weniweniwo. Moto wa mu Okutobala ngati munauona uja ndi woipa pawiri, umatentha kwambiri poti zonse zauma, komanso umasiya masabata ochepa kuti udzu uphukire mvula yamphamvu isanayambe. Ndiye pa malo otsetsereka timagoneka zikuni chopingasa kumtunda kwa malowo, kuyala udzu womweta, kupatutsa madzi ndi kamzere ka miyala, zonsezi popanda kukumba pa malo enieniwo. Kenako timabwereranso mvula ikatha cha mu Epulo kapena Meyi kukajambula pomwe pomwepo, chifukwa ulendo umodzi sukwanira.

Timalembanso mapazi a anthu. Ozimitsa moto amagwira ntchito yoopsa ndipo ndimawalemekeza kwambiri, koma munthu amene akulambula njira yotchinga moto ndi khasu utsi uli m'maso sangazindikire kuti kachulu kali patsogolo pake ndi ng'anjo, pokhapokha wina atamuonetsa kale. Galimoto nayo ikapatuka mumsewu kudutsa pa lupsa imaphwanya zapamtunda. Ndipo tchire likapsa zonse zimakhala pambalambanda, odutsa amatola mapale ndi mikanda, ena amakumba pofuna chuma chomwe kulibe. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kutola kapena kukumba zinthu zotere popanda chilolezo, ndipo mukapeza china malo okanena ndi kwa marenjala a pakiyo kapena ku dipatimenti ya Museums and Monuments.

Pali malo ena omwe fomu yathu siwagwira bwino. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo itakulitsidwa mu 1978 anthu anasamutsidwa, anasiya mabwinja, manda, mitengo ndi malo opembedzerapo, nyanja ya Kaulime nayo ili ndi ulemu wake kwa anthu a kumeneko. Mtengo wa pamanda ukapsa ine nditha kulemba kuti zam'nthaka sizinakhudzidwe, pomwe kwa eni ake chizindikiro chokhacho chodziwira pomwe anagona agogo awo chapita. Ndiye kuyendera kwabwino kumafuna kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi yozungulira akhalepo, iwowo ndi amene anganene chomwe chatayika pamalo potero.

Pa kupewa, ine ndili mbali ya kutentha koyambirira komwe a paki amachita udzu ukadali ndi chinyezi, cha mu Meyi mpaka Julayi, chifukwa moto wake ndi wofatsa ndipo umachepetsa zoyaka za mu Okutobala. Kuletsa moto kotheratu pa malo akale kumangounjika nkhuni zaka zisanu kapena khumi, tsiku lomwe udzalowe udzakhala woopsa kuposa onse. Chofunika nchoti asanayatse, anthu apite ndi zikwanje ndi sowo kukachotsa mitengo youma ndi zikuni zotsamira makoma, kudula osazula, nkuzikokera kutali. Koma pakhomo pa phanga musamete mpala, mitengo yamoyo imatchinga dzuwa ndi mvula yowomba ndi mphepo, imabisanso malowo kwa anthu osafunika, ndiye ndi bwino kumweta mzere wozungulira patali mamita angapo nkusiya mthunziwo.

Inuyo aphunzitsi muli ndi mwayi womwe ife tilibe, mumakhala pafupi ndipo mumapitako ndi maso ambiri. Ulendo wina mukapita ndi renjala, sankhani malo amodzi kapena awiri, jambulani ndi foni mutaima pamalo podziwika ngati pamwala wina wake, rula ya mwana mmodzi igwiridwe pambali osakhudza khoma, lembani deti ndi nthawi ndi mbali yomwe mwayang'ana. Yatsani GPS ya foni kuti chithunzi chisunge malo, koma malowo musawaike pa Facebook, perekani zithunzizo kwa a paki ndi a Museums, kope ina isungidwe kusukulu. Chaka chamawa mwezi womwewo mukaimenso pamwala womwewo, mwana amene anafunsa uja ndi amene agwire rula.